Musanafunse dzina la mtengo, funsani ngati thabwalo linauma

Anthu ambiri akamagula tebulo kapena bedi amafunsa funso limodzi lokha: "Ndi mtengo wanji umenewu?" Akangomva kuti mlombwa kapena mbawa, mtima umakhala pansi, ndalama n'kutulutsa. Funsolo ndi labwino, koma kwa ine liyenera kubwera pambuyo. Loyamba likhale lakuti thabwalo linachekedwa liti ndipo linaumitsidwa bwanji.

Mtengo ukangogwetsedwa umakhala wodzaza madzi, ina mpaka theka la kulemera kwake limakhala madzi okhaokha. Thabwa la mipando ya m'nyumba limafunika litatsala ndi chinyezi cha pakati pa 8 ndi 12 peresenti. Kuti liyandikire pamenepo, amisiri amasanja matabwa pamthunzi, n'kuika timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa, ndipo ambiri amawerengera chaka chathunthu pa thabwa lolimba lokhuthala inchi imodzi. Amene ali ndi uvuni woumitsira matabwa amaimaliza ntchitoyi m'masabata. Koma thabwa lochekedwa mwezi watha, lopalidwa dzulo, lopakidwa vanishi lero, likaumira m'nyumba mwanu. Likamauma limafota m'lifupi, m'litali silisintha kwenikweni. N'chifukwa chake pamwamba pa tebulo pamatseguka mpata pamene matabwa awiri anakumana, chitseko cha kabati chimapindika n'kukana kutseka, mwendo wa mpando umayamba kugwedera. Timathamangira kunena kuti guluu anali wachabechabe, pomwe vuto ndi madzi amene anali m'thabwamo.

Mlombwa ndimaupatsa ulemu, ndipo mbiri yake siinabwere chabe. Umafota pang'ono kwambiri poyerekeza ndi mitengo ina yolimba, umapalika bwino, chiswe sichiukonda, ndipo mizere yake imakongola ngakhale mutangoupaka mafuta okha. Koma ubwino wonsewo uli mumtima mwa mtengo, mbali yoderapo ija ya mkati. Mbali yoyera ya kufupi ndi khungwa imafumbwa msanga. Mmisiri amene sakufuna kutaya kanthu amaisiya momwemo, n'kuipaka utoto kuti ifanane ndi inzake. Pakapita miyezi mumayamba kuona timabowo tating'ono kwambiri pa thabwa la bedi, ndi kaufa kosalala pansi, mukasesa lero mawa kabweranso. Bedilo ndi la mlombwa ndithu, koma munapatsidwa mbali imene inayenera kudulidwa n'kutayidwa.

Ndiye musamangoyang'ana pamwamba ponyezimira. Tembenuzani mpandowo, solani dirowa, suzumirani kuseri kwa kabati, chifukwa kumeneko kawirikawiri sikufika utoto. Dinikizani chikhadabo pamalo obisika. Chikalowa mosavuta, mukaonanso mfundo zozungulira zambiri ndi kumva fungo la utomoni, ameneyo ndi paini, ngakhale atafiira chotani kunja.

Apa ndisamveke ngati ndikunyoza paini. Zimandipweteka kuona anthu akumutenga ngati thabwa la munthu wosowa chochita. Paini wouma bwino ndi wopepuka, amagwira guluu ndi sikuluwu, ndipo pa shelefu, kabati ya zovala kapena bedi la mwana amatumikira zaka zambiri. Chimene sapirira ndi chinyontho, chiswe ndi kugundidwagundidwa. Cholakwa ndi kumuveka utoto n'kumugulitsa pa dzina la mbawa.

Bulugamu, amene kwawo kwenikweni ndi ku Australia, ndi wolimba ndithu koma wovuta kuumitsa: ukamufulumiza amang'aluka ndi kupotoka. Malaina ndi opepuka, otuwa, sachedwa kupalika, koma amasunga madzi mkati nthawi yaitali pamene kunja akuoneka ouma. Pa mipando yokhala panja palibe woposa tiki wa ku India ndi Myanmar, chifukwa thabwa lake lili ndi mafuta akeake amene amakana madzi.

Nanga matabwa a m'fakitale aja, MDF ndi chipboard? Amenewa ndi tizidutswa ta mitengo tosakaniza ndi guluu n'kupanikiza ndi makina, kenako n'kumata pamwamba kachikopa kokongola. Ndi osalala, sang'aluka ngati thabwa laliwisi, ndipo ali ndi malo ake. Koma madzi akangolowa m'mphepete, pansi pa kabati pamene mumakolopa tsiku ndi tsiku, amafufuma ngati katoni yonyowa ndipo sabwereranso. Sikuluwu ikazuka kamodzi, pamalo pomwepo siigwiranso. Pulayiwudu ndi wosiyana nawo, chifukwa ndi timatabwa topyapyala tomatidwa mopingasana, motero amalimba kwambiri.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa mtendere. Paini amakololedwa patatha zaka 20 kapena 30, ndipo amadzalidwa m'minda. Mlombwa wambiri umadulidwa m'nkhalango zachilengedwe, ndipo umakula pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri usanafike potulutsa thabwa lotambalala. Mu 2022, pa msonkhano wa ku Panama wa mayiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, mbawa, mlombwa ndi mitengo ina ya mtundu wawo ya mu Africa inaikidwa pa mndandanda wa mitengo yosatumizidwa kunja kwa dziko popanda chilolezo chapadera. Mahogany wa ku America analowa pa mndandanda womwewo mu 2003. Mtengo wofika pamenepo ukachekedwa wauwisi, n'kupangidwa tebulo lodzang'aluka chaka chisanathe, tataya zinthu ziwiri, ndalama za wogula ndi mtengo umene sitidzauonanso utakula m'moyo wathu.

N'chifukwa chake sindiona cholakwika mmisiri akasakaniza mitengo, bola anene poyera. Miyendo, felemu ndi pamwamba pa tebulo, pamene pamalemedwa ndi kukhudzidwa tsiku lililonse, pakhale thabwa lolimba la mumtima mwa mtengo. Kuseri kwa kabati ndi pansi pa madirowa pulayiwudu akwanira, mashelefu a mkati akhale a paini. Mukamapatsa mmisiri ntchito, mupempheni akuonetseni matabwawo asanawapale ndi kuwapaka chilichonse, ndipo alembe pa lisiti kuti mtengo uti wapita pati.