Pepala la kafukufuku likafika pabedi la mwana wanu

Mwana akagonekedwa ali chikomokere, nesi n'kubwera ndi pepala kuti pali kafukufuku, ambiri kuno kum'mawa kwa Zambia mtima umathamangira ku magazi: ati akufuna kuwapopa akagulitse. Agogo amayamba kumanga katundu, "tiyeni kumudzi, asatiyeserere mwana." Mantha amenewa ndikuwamvetsa. Koma amayi ndi abambo, chithandizo chimene palibe anachiyesapo bwinobwino ndicho chiyenera kutiopsa kwambiri.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti mwana wotentha thupi kwambiri, wolefuka, manja ndi mapazi zili zii, ayenera kuthiridwa madzi ambiri a dilipi mofulumira. Zinkaoneka zanzeru, ndipo mwana ankaoneka ngati watsitsimuka. Kafukufuku wa FEAST, wa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anayesa zimenezi. Ena analandira mamililita 20 mpaka 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi m'ola limodzi, ena madzi oyenda pang'onopang'ono basi. Zotsatira za 2011 zinadabwitsa ngakhale ofufuzawo: pa masiku awiri oyamba, mwa othiridwa mofulumira anamwalira pafupifupi 105 pa 1,000 alionse, mwa enawo 73. Ndi maso pabedi palibe akanaziona, zinaoneka atawerenga ana onse pamodzi. Musandimve molakwika: mwana wotha madzi chifukwa chotsegula m'mimba sanali m'gululi, iyeyo madzi amawafunadi msanga.

Jakisoni wa artesunate amene lero amabaya mwana wa malungo aakulu anadzeranso njira yomweyi. Mu 2010 kafukufuku wa AQUAMAT, wa ana 5,425 m'maiko 9 a mu Africa, anapeza kuti olandira kwinini ankamwalira 109 pa 1,000, olandira artesunate 85. Mlingo wake ndi mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu, koma mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Amabayidwa pofika, pakatha maola 12, ndiponso pakatha 24. N'chifukwa chake sikelo si mwambo chabe. Kungoyerekeza kulemera kwa mwana kumachepetsa mankhwala kapena kuwapyoletsa.

Nafenso a Zambia tinaphunzitsako dziko. Ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzawo anayesa Septrin, mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, womwa tsiku ndi tsiku pa ana oposa 500 okhala ndi HIV. Imfa zinatsika ndi 43 peresenti, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi isanakwane kuti ana amene sankalandira Septrin nawonso ayambe kumwa. Zotsatira zinatuluka mu 2004. FEAST nayenso anaimitsidwa panjira, koma iye chifukwa cha imfa. Amene amaimitsa ndi komiti yapadera yosakhala m'gulu la ofufuza, imene imasanthula manambala kafukufuku ali mkati.

Sindikuti sainani chilichonse. Pepalalo akuwerengereni m'Chinyanja, osati kungokulozerani podinda chala, ndipo ngati simuwerenga pakhale mboni yosakhala wa kafukufukuyo. Funsani ngati bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo, National Health Research Authority, komanso komiti yoona za ufulu wa odwala anavomereza. Funsani kuti akuyerekeza chiyani ndi chiyani, chifukwa gulu la mwana wanu sasankha ndi dokotala, amachita ngati maere, pakompyuta kapena m'maenvelopu omata. Za magazi funsani mamililita ndi kangati, komanso kumene adzasungidwe. Kasupuni ka tiyi ndi mamililita 5, pamene mwana wa makilogalamu 10 ali ndi magazi pafupifupi mamililita 800. Mukakana, mwana alandirebe chithandizo chonse, ndipo mukavomera lero mukhoza kumutulutsa mawa. Kope la pepalalo, lokhala ndi nambala ya foni, mupite nalo kunyumba.

Ofufuza nanunso ndili nanu mawu. Mayi amene mwana wake akuphupha sangamve masamba asanu a chilolezo, choncho mwana akapezako bwino bwererani mufotokozenso modekha, bambo kapena amalume ali pomwepo. Ndipo kafukufuku akatha, zotsatira zisathere m'mabuku a Chingerezi. Zibwere kwa mafumu ndi anduna ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, zimveke pa Breeze FM ndi Radio Maria, zinenedwe pa tsiku la sikelo ku kiliniki kumene amayi aja anadinda chala.