Ndinkadya chisoni, osati nsima

Abale anga nkhani iyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali koma lero ndati ndiyankhule basi. Dzulo kuchinkhoswe ndamva mayi ena akuuza mtsikana wina kuti "eee wayamba kuoneka munthu tsopano, bambo akunyumba akukusamala eti" anthu nkuseka, iye naye nkuseka. Koma ine mtsikanayo ndimamudziwa bwino ndipo ndikudziwa zomwe zikumuchitikira m'banjamo, kunenepa kuja si kwa mtendere ayi. Ndabwera kunyumba mtima ukundiwawa chifukwa mawu omwewo ndinauzidwapo ine kwa zaka ziwiri zathunthu pomwe mkatimu ndinali ndikutha.

Mayi anga anamwalira mu June 2019. Ine ndi woyamba kubadwa nde zonse zinali pamutu panga, bokosi ine, galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi ku Thyolo ine, ufa ndi ndiwo za anamalira ine, mpaka kulira kwenikweni sindinalire, anthu ankangoti mwana uyu ndi wolimba mtima. Sabata imodzi itatha ndinabwerera kuntchito ngati palibe chachitika.

Nde apa mpomwe zinayambira. Ndikaweruka, ndisanakwere minibasi mu Limbe ndinkaima pachiwaya, chipisi cha mujumbo chothira kabichi ndi kambuzi, kudyera momwemo nditaima. Kufika kunyumba nsima ndi ana, mitanda inayi osaona vuto. Koma nthawi yoipa kwambiri inali 10 koloko usiku, chifukwa imeneyo ndi nthawi yomwe mayi ankandiimbira foni tsiku ndi tsiku, ankadikira kaye kuti ana agone kuti ticheze bwino. Ikangokwana 10 m'nyumba muli zii, ndinkadzuka kupita kukhitchini osayatsa getsi kuopa kuti ana angandione, kumangowunikira ndi foni, kudula buledi, kupaka majarini wambiri mpaka m'mbali, tiyi wa shuga masupuni atatu, kudya nditaimirira pafupi ndi sinki. Kukoma sindinkakumva nkomwe. Ndinkangofuna kuti chinthu chomwe chinkandikhala pachifuwa chija chitsike, ndipo chinkatsikadi kwa mphindi mwina khumi kenako manyazi nkubwera, pepala la buledi nkulibisa pansi penipeni pa bini kuti m'mawa asafunse kuti buledi wapita kuti.

Ndinali ndi makilo 68 mayi akumwalira. Pofika kumapeto kwa 2021 sikelo inkawerenga 94, munthu wamfupi ngati ine wa mita imodzi ndi masentimita 60.

Ndipo anthu ankandiyamikira. Kutchalitchi "mwasintha bwanji asisi, zikuyenda", kumudzi azakhali akundigwira mkono kunyadira kuti mwana wa mlongo wawo sakuvutika mtauni. Ine sindiwada anthu amenewa chifukwa ndikudziwa komwe maganizowa anachokera. Ife amene tinakula zaka za m'ma 90 tinaona kaliwondewonde akutha anthu m'midzi, munthu akangoyamba kutsika thupi manong'onong'o ayamba kuti ndi matenda aja, ndipo ma ARV aulere anadzayamba mu 2004 anthu ambirimbiri titaika kale m'manda. Onjezaniponso njala ya 2002 ija anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Munthu amene anaona zimenezo ukamuuza kuti kunenepa ndi vuto amakuona ngati wakhuta. Kwathu kusiya nsima m'mbale ndi mwano, mlendo akakana kuonjezera ndiye kuti wanyoza. Zonsezi ndimazimvetsa, koma zinandibisira matenda anga, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti kodi iwe usiku ukugona?

Chinandidzutsa ndi mutu. Mutu wa kunkhongo uja wosamva panado, mapazi kutupa madzulo, kukwera kamtunda kopita kwathu mpaka kuima kawiri kupuma. Kumayambiriro kwa 2022 ndinapita kuchipatala, BP 160/100, anayezanso tsiku lina chimodzimodzi, shuga naye anali atatsala pang'ono kudumpha malire. Adokotala anatenga makilo anga ndi kutalika kwanga nkuwerengera chomwe amati BMI, anati munthu ikafika 25 ndiye kuti thupi lapitirira, ikafika 30 kumeneko ndi kunenepa kwa matenda, yanga inali 36 ndi kanthu. Anandiyezanso m'chiuno ndi tepi ngati ya telala nkundiuza kuti mafuta oopsa kwambiri ndi a pamimba chifukwa amazinga ziwalo zamkati, ndipo chiuno cha munthu chisamapose theka la kutalika kwake. Azibambo a mimba zija timazitcha za ndalama, pamenepa pakukhudzaninso inu, musamangoti ndi nkhani ya azimayi.

Ndipo tisaone ngati ndi vuto la azungu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi asanu aliwonse m'Malawi muno mmodzi thupi linapitirira muyezo, mtauni nde kuposa pamenepo, m'dziko lomwelomweli lomwe ana 37 mwa 100 aliwonse anali opinimbira. Nyumba imodzi mumapezeka mwana wonyentchera ndi mayi wa BP, poto wake yemweyo.

Nditachoka kuchipatala kuja ndinachita zomwe ambiri timachita, kufuna zachangu. Ndinagula tiyi wochepetsa thupi uja amatsatsa pa WhatsApp, ndalama zambiri ndithu, sabata yonse ndinkangothamangira kuchimbudzi, sikelo inatsika makilo atatu ine nkusangalala osadziwa kuti ndi madzi okha omwe achoka m'thupi, nditasiya kumwa anabwerera onse. Anthu amene mumagulitsa zinthu zimenezi kwa anzanu omwe ali kale ndi BP opani Mulungu, mankhwala otsegula m'mimba sasungunula mafuta a munthu. Kenako ndinayesa kudzimana, kusiyiratu nsima, m'mawa madzi a ndimu masana kachipatso basi. Ndinapirira masabata atatu ndili wolusa ngati chiyani, ana akundiopa, tsiku lina usiku ndinangopezeka ndamaliza mpunga wonse womwe unatsala mupoto ndi mandasi anayi pamwamba. Ndinalira tsiku limenelo poganiza kuti ndine munthu wopanda mwambo, wosadzigwira.

Pano ndinadzamvetsa kuti sikunali kufooka kwa mtima wanga kokha. Thupi ukalimana chakudya mwadzidzidzi limaona ngati kwagwa njala nde limakuwa kwambiri kufuna kudya ndipo limayamba kusunga mphamvu. Munthu ukakhala ndi nkhawa nthawi yaitali thupi limatulutsa kwambiri chinthu china amati cortisol, chimenecho chimakukokera ku zotsekemera ndi zamafuta, ndipo kusagona mokwanira nako kumaonjezera njala tsiku lotsatira. Ine ndinali ndi zonse zitatu, chisoni, kusowa tulo, nkuonjezerapo kudzimana. Tiyi wa pa WhatsApp akanatha bwanji zimenezo?

Yemwe anandithandiza kwenikweni ndi nesi wina wachikulire tsiku lomwe ndinapita kukatenga mapilitsi a BP. Sanandikalipire ngati momwe ena amachitira kuti mukudya kwambiri mayi chepetsani. Anangofunsa kuti "mwanawe, nthawi imene umadya kwambiri ndi iti?" Ndinati 10 koloko usiku. Anati "chimachitika nchiyani 10 koloko?" Abale ndinalephera kuyankha, misozi inangoyamba kutsika pamzere pomwepo anthu akuona, misozi yomwe sindinalire pamaliro ija. Anandilowetsa mukachipinda nkundisiya ndilire mpaka nditatopa, kenako anati ukagule kope, usanadye chilichonse kunja kwa nthawi ya chakudya uzilemba nthawi ndi zomwe ukumva mumtima, usadziletse kudya, ungolemba kaye.

Kope limenelo ndikadali nalo. Mukaliwerenga mawu akuti njala mulibemo kwenikweni, muli "ndawasowa mayi", "abwana andikalipira pamaso pa anthu", "fizi sinakwane", "ndili ndekha". Mmenemo ndi momwe ndinaphunzira kusiyanitsa. Njala yeniyeni imabwera pang'onopang'ono, m'mimba mumalira, ndipo imalandira chilichonse ngakhale mbatata yozizira ya dzulo. Njala inayi imabwera kamodzi ngati mphezi, imakhala pakhosi ndi pachifuwa, imafuna chinthu chimodzi chokha kaya chipisi kaya Fanta ndipo ngakhale mimba idzadze siimva.

Chinthu choyamba chomwe ndinasintha sichinali chakudya ayi. Ndinaimbira mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, nkuwauza zonse, iwo anati "mwana wanga bwanji sunanene, inenso 10 koloko ndimangoyang'ana denga." Kuyambira pamenepo timaimbirana nthawi imeneyo, pena mphindi zisanu zokha pena mpaka mayunitsi kutha. Ndinapitanso kumudzi kukaona manda ndekha popanda chigulu. Ndipo ndikuuzeni, ngati chisoni kapena nkhawa yakukulirani kukaonana ndi alangizi si misala ayi, malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ntchito yawo ndi imeneyo, ngakhale pachipatala cha boma chapafupi mukhoza kufunsa akulozerani.

Zakudyazo zinabwera pambuyo ndipo sindinasiye nsima, ndibwereze, sindinasiye nsima. Munthu wakuuzani kuti musiye nsima moyo wanu wonse muli ku Malawi kuno akukunamizani, mudzapirira mwezi umodzi basi. Ndinachoka pa mitanda inayi kufika itatu, patapita miyezi iwiri nkufika iwiri, ndipo ufa woyera ndinasinthanitsa ndi mgaiwa womwe umakhalitsa m'mimba. Ana poyamba ankadandaula kuti mgaiwa ndi wa kusukulu ya boding'i, pano anazolowera. Masamba ndi omwe amadzadza theka la mbale yanga, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, therere, kholowa, zinthu zomwe tinkaziona ngati za amphawi tikangoyamba kulandira malipiro. Nyemba, nandolo, usipa, dzira. Mafuta ophikira ndinasiya kuthira kuchokera m'botolo, ndimayeza ndi supuni, ndipo botolo lomwe linkatha masabata awiri pano limadutsa mwezi, ndi mmene mafuta akwereramu nde phindu lina limenelo.

Chovuta kwambiri chinali zakumwa. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga pafupifupi masupuni aang'ono 8, pomwe a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapyole masupuni ngati 12 patsiku lonse ndipo zikanakhala bwino atakhala 6. Ine ndinkamwa mabotolo awiri kuntchito, kuonjezera tiyi wa masupuni atatu kawiri, Sobo kunyumba, werengerani nokha. Tiyi ndinatsitsa theka la supuni sabata iliyonse mpaka lilime linazolowera, pano wa supuni imodzi amandikwana. Fanta ndimamwa paukwati, sindinalumbire kuti sindidzamwanso.

Za jimu ine ndalama yake ndilibe ndipo nthawi yake ndilibenso. Ndinangoyamba kutsika minibasi masiteji awiri ndisanafike, kusiya kukwera kabaza pa mtunda woti miyendo ikhoza, Loweruka m'mawa kuyenda ndi mnzanga wa kwaya tikucheza. Amati mphindi 150 pasabata, ukagawa ndi 30 zokha masiku asanu. Masiku oyamba ntchafu zinkakhulana mpaka kutupa ndipo anyamata ena apamsewu ankandikuwiza mawu oti sindingawalembe pano. Inu amene mumaseka munthu wonenepa akamayenda kapena kuthamanga mumsewu dziwani kuti ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo osadzatulukanso, ndipo akafika amakatsegula poto. Kunyoza sikunachepetsepo munthu thupi, ine kunkangondionjezera chifukwa chodyera.

Ndikudziwa wina anena kuti zonsezi nzosavuta kwa amene ali pantchito. Pali choona pamenepo, mayi wogulitsa pamsika kuyambira 5 m'mawa chomwe chili pafupi ndi chotchipa ndi mandasi ndi zitumbuwa, ndipo ambiri sitidya zomwe tikufuna koma zomwe zapezeka. Sindikuweruza munthu. Koma mulu wa bonongwe sunaposepo mtengo wa chipisi, ndipo chinangwa chophika kapena nthochi zilipo pamsika pomwepo.

Pano ndili ndi makilo 81. Si 68 ija ndipo mwina sindidzafikakonso, zanditengera zaka kuti ndichotse 13 amenewa, ena anatsika nkubwerera nkutsikanso. June aliyense amandivutabe, chaka chatha sabata ya tsiku lomwe mayi anatisiya ndinapezekanso kukhitchini mumdima ndi buledi m'manja, kusiyana kwake nkwakuti m'mawa mwake sindinadzilange ndi njala, ndinaphika phala langa ngati masiku onse nkuwaimbira mayi aang'ono kuwauza. Mapilitsi a BP ndikumwabe sindinasiye ndipo musamasiye nokha adokotala asananene, koma shuga anabwerera m'malo mwake ndipo kamtunda kaja ndimakwera ndikuyankhula pafoni. Chodabwitsa nchakuti nditayamba kutsika anthu omwe aja anayamba kufunsana kumbali kuti kodi akudwala, mpaka wina anachita kundifunsa ngati ndinakayezetsa. Ndinangomuyankha kuti eya ndinayezetsa, anandipeza ndi BP.

Mtsikana wa kuchinkhoswe uja ndamutumizira uthenga m'mawa uno. Za thupi lake sindinatchule ndipo sinditchula. Ndangomuuza kuti Loweruka 6 koloko ndimayenda ndi mnzanga kuzungulira cha kumsika, ngati angafune atipeze pasiteji, komanso kuti foni yanga imakhala yoyatsa usiku. Wayankha kuti abwera.