Ka hard drive kamodzi basi, n'kumati ndapanga backup?

Loweruka lapitali mwana wa mchemwali wanga anandipeza kunyumba maso ali psuu, m'manja muli ka hard drive kakuda, akuti malume tandithandizeni, kakungolira tiki tiki koma sikakutseguka. Ndinamufunsa kuti laputopu yakale ija ili kuti tikatengemo zinthuzo, akuti ndinagulitsa, ndipo ndinaifomata kaye ndisanapereke kwa wogulayo. Nanga mu yatsopanoyo? Akuti ndinali ndisanathiremo, ndimati ndichita ndikapeza mpata. Mnyamata wa ku yunivesite ameneyu, chaka chomaliza, pulojekiti yake yonse inali mmenemo, kuphatikizapo zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wake ndi mavidiyo a malemu agogo ake akuimba pa Khirisimasi, amene tonse pa mtundu timangoti ali kwa iyeyo. Kanatsetsereka pa tebulo kali kolumikiza, phii pa simenti. Ine mawu anandithera, ndinangomupatsa madzi akumwa.

Ana inu, mwatani kodi? Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025 aliyense ali pa liwiro kufuna makina oti alowe Windows 11, chabwino palibe akukuletsani, koma changu chogulitsa yakaleyo tsiku lomwelo ndi cha chiyani? Ikukulumani? Mumapanga cut m'malo mwa copy, kusesa zonse kuthira mu kabokosi kamodzi, kenako n'kumayenda modzitama kuti ndapanga backup. Backup yake iti pamene fayilo ili malo amodzi okha? Kumeneko ndi kusamutsa katundu kuchoka m'nyumba ya malata kukamuika m'chisakasa basi.

Ndipo kabokosiko mmene mumakazunzira, Mulungu akuoneni. Mkatimo muli timbale tozungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kuposa tsitsi lanu, inu n'kumakaponya m'chikwama pamodzi ndi makiyi ndi chaja, kukwera nako kabaza m'msewu wa mabampu, kukasiya pa dashboard dzuwa la Okotobala lili phwee. Kali mkati mokopa mafayilo inu mwakanyamula lendelende pa chingwe kuti musunthire pa sofa. Kuzula chingwe ngati mukuzula chinangwa, eject ija yoyenera kudina musanazule munamva kuti ndi ya azungu okha eti? Kompyuta ya pa desiki yopanda UPS, batire ija yothandiza kuti isazime magetsi akathima, mwayamba kukopa 300GB mitambo itada bii, magetsi thii pakati, mawa mudzati afiti.

Ndiye pali kubwereketsa. Hard drive yomweyo muli masatifiketi anu, ma CV, maakaunti a bizinesi, ndi yomweyonso ikuzungulira hositelo yonse kukatenga ma series, ikupita kwa oika nyimbo kumsika, ikulowa mu kompyuta ya pa shopu yopulintira imene yalandira mafulashi a tauni yonse. Ikabwerako mafoda onse asanduka ma shortcut mukudabwa chiyani? Wina akailumikiza Windows n'kufunsa kuti ndifomate, mnzanu uja osawerenga n'komwe wadina yes, iye zake zili bwino kwawo.

Enanso ndi aja okonda zotchipa. Munthu akukugulitsa fulashi kapena ka drive kolembedwa 2TB pa mtengo wa nkhuku imodzi, iwe n'kumwetulira kuti ndatola. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, kanthuko ndi 16GB kapena 32GB konamizidwa, kamalandira chilichonse bwinobwino kakulemba pamwamba pa zakale, tsiku lotsegula mupeza mayina a mafayilo okha mkati mulibe kanthu. Ngakhale ya Seagate, WD kaya Toshiba yeniyeni ya m'bokosi imafa, nanga yogula pa mphasa?

Ine chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi kusayang'ana. Mwakopa, chabwino, munatsegulako fayilo ngakhale imodzi kuona ngati ikutseguka? Munafananiza kukula kwa foda yakale ndi yatsopano? Vidiyo ya ukwati ya 6GB inakana kulowa chifukwa drive ili pa FAT32 imene silandira fayilo yoposa 4GB, uthenga unabwera inu munadina skip maso ali pa WhatsApp. Mwatenga Documents yokha, za pa Desktop ndi mu Downloads mmene mumaunjika chilichonse mwazisiya. Mapasiwedi onse anali mu Chrome yosalowa akaunti, apita ndi laputopu. Mwasamukira ku MacBook ndi drive ya NTFS, kafomatidwe ka Windows, ikuwerenga koma kulemba ikukana, ndiye mwaganiza zoifomata mafayilo ali momwemo, abale inu, kufunsa kumawawa? Safunsatu anadya phula.

Google Drive imapereka 15GB yaulere, pulojekiti ya mnyamata uja sikanadzaza ndi kota yomwe, koma bandulo ya TikTok imapezeka, yokwezera mafayilo ndiye yodula. Laputopu yakale ikanakhala mu wadiropu masabata awiri okha mpaka zonse zitalowa mu yatsopano ndi kutsegulidwa, ikanaola? Pano tikufunsa za akatswiri otsegula ma drive ku Joni, ndalama yake kuposa imene anagulitsira laputopu ija, komanso salonjeza kuti zituluka. Ndamuuza asakalumikizenso n'komwe, kakamalira tiki tiki kukayatsayatsa ndi kukandanso timbale tija.

Amayi ake sanamvebe za mavidiyo a agogo aja, ndipo ine sindikawauza, akanene yekha. Wina wa inu akachita zomwezi asabwere pakhomo panga ndi kabokosi kolira, ndilibe mankhwala ake.