Yeremiya 29 tiziyambira pa ndime 4

Abale anga, nkhani iyi yakhala ikundivuta mumtima kwa nthawi yaitali. Ena mwina ikuwawani, koma ndikuinena chifukwa ine mwini ndinadutsamo, ndipo ndikuona azing'ono anga ambiri akulowera njira yomweyo.

Pali ndime imene pafupifupi Mkhristu aliyense muno mu Zomba amaidziwa pamtima, Yeremiya 29:11. Timaiona kumbuyo kwa minibasi, pa makadi a ukwati, pa WhatsApp ya mwana aliyense amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Imati Mulungu akudziwa zimene akutilingalira, za mtendere osati zoipa, kuti atipatse tsogolo ndi chiyembekezo. Mawuwa ndi oona ndipo ine ndimawakhulupirira ndi mtima wonse. Vuto langa lili pa mmene tawadulira n'kusiya zonse zowazungulira.

Nditamaliza maphunziro ndinakhala zaka zinayi pakhomo pa mayi anga ku Chikanda. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba osawerengeka, ambiri osayankhidwa n'komwe. Lachisanu usiku ndinkakwera phiri ndi anzanga kukachezera kupemphera, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene chisanu cha kumtunda kuja chimalowa mpaka m'mafupa, tikulira kuti Ambuye tionetseni cholinga chanu. Koma ndikafufuza bwino mtima wanga wa nthawi imeneyo, mawu akuti cholinga ankatanthauza chinthu chimodzi basi: ndichoke mu Zomba. Kaya ku Lilongwe, kaya ku Blantyre, kaya ku Joni, bola kuchoka. Likulu la dziko linasamuka muno mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsatira mu 1994, ndipo ambirife tinakula tikumva akuluakulu akusimba za Zomba wakale ngati maliro. Mwana amakula akudziwa kuti chabwino chilichonse chimakwera basi n'kupita.

M'zaka zimenezo munthu wina wodzitcha mneneri anandiuza kuti cholinga changa chinamangidwa ndi wachibale wa kumudzi, ndipo kuti chimasuke ndiyenera kubzala mbewu. Ndinabzala katatu. Ndalamazo zinali za mayi anga, za geni yawo ya tomato ndi matemba a ku Chilwa. Chimene ndinakolola ndi chidani pa azakhali anga, munthu wosalakwa, amene ndinasiya kuwapatsa moni kwa chaka chathunthu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndinatuma munthu kuti akandimverere kwa Mulungu, Baibulo lili kumutu kwa mphasa yanga.

Tsiku lina kumlaga anandipatsa kuti ndiwerenge mawu. Abambo amene ankatsogolera anati ndiyambire pa ndime 4, ndisadumphe kanthu. Abale, ndinawerenga mawu akunjenjemera.

Mutu umenewu ndi kalata. Yeremiya anailembera Ayuda amene Nebukadinezara anawatengera ku ukapolo ku Babulo, zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe. Anthu amenewo ankafuna chinthu chimodzi, kuchoka. Ndipo analipo aneneri owauza zokoma. M'mutu 28 Hananiya analonjeza kuti pasanathe zaka ziwiri goli la Babulo lithyoka, onse abwerera kwawo. Yeremiya anati ayi, ndi zaka 70. Tangoganizani, munthu wa zaka 30 pomva zimenezo anadziwa kuti manda ake adzakhala konko. Ndiye Mulungu akuwauza chiyani? Mangani nyumba mukhalemo. Limani minda mudye zipatso zake. Kwatirani, berekani ana, muchuluke. Funirani mtendere mzinda umene ndakupititsaniko, muziupempherera, pakuti mtendere wake ndiwo mtendere wanu. Pa ndime 8 ndi 9 akuwachenjeza kuti asanyengedwe ndi aneneri ndi maloto, chifukwa iye sanawatume. Zitatha zonsezi m'pamene ndime 11 ikubwera.

Ndiye kuti lonjezo la tsogolo lija linapatsidwa kwa anthu amene anauzidwa kaye kuti agwire khasu pamalo pamene sankafuna kukhalapo. Ine ndinkalitenga ngati tikiti ya basi.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinadzifunsa kuti kodi mzinda uno ndinaufunirapo zabwino n'kamodzi komwe? Zaka zinayi ndili pakhonde, ana a anthu oyandikana nafe akudutsa ndi makope, ena akubwereza Sitandade 8 kachiwiri chifukwa cha masamu, ine masamu ndikuwadziwa bwino, koma maso anga ali kumsewu wa ku Liwonde. Mose atakumana ndi Mulungu pachitsamba chija anafunsidwa chimene chinali m'dzanja lake, ndipo inali ndodo yoweta nayo nkhosa za apongozi ake. Dorika wa ku Yopa sitimva kuti analalikirapo. Iye ankasoka. Atamwalira, amayi amasiye anaonetsa Petro malaya amene anawasokera, akulira. Singano ndi ulusi basi, koma dzina lake lili m'buku la Machitidwe mpaka lero.

Ndinapempha chidutswa cha pulayiwudi kwa kalipentala, ndinachipaka penti yakuda, ndinagula choko. Ndinayamba ndi ana atatu. Sindinalemere, ndipo musayembekezere kuti ndikuuzani za galimoto. Pano ndimaphunzitsa pa sukulu ina yaing'ono mommuno, malipiro ake ndi oti pakati pa mwezi timakhala tikuwerengera makala. Koma mtima wowawa uja, wodziona ngati munthu woiwalidwa pa depoti, unachoka. Aefeso 2:10 imati tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu. Ntchito zanga zinali zokonzedwa kale, zikudutsa pakhomo pathu m'mawa uliwonse zitavala yunifolomu.

Sindikunena kuti kupemphera kuphiri n'kulakwa. Yesu mwini ankakwera phiri kukapemphera, koma kukacha ankatsika n'kupeza odwala akumudikira. Sindikunenanso kuti wopita ku Joni wachimwa. Abrahamu anauzidwa kuti atuluke m'dziko la kwawo, ndipo alipo ena pakati pathu amene Mulungu akuwatumadi kutali. Chimene ndikukana ndi chiphunzitso chakuti cholinga cha Mulungu ndi chinsinsi chotsekeredwa, kiyi wake ali ndi munthu mmodzi amene muyenera kumulipira. Ku Antiokeya, pamene Barnaba ndi Saulo ankapatulidwa, mpingo unali pamodzi, ukupemphera ndi kusala kudya, ndipo awiriwo anali akutumikira kale. Palibe analipira kanthu. Ngati chimene mukuti ndi maitanidwe anu chikukudanitsani ndi abale, chikudya mpamba wa mayi anu, ndipo sichithandiza munthu wina aliyense kupatula inu nokha, bwererani ku Mawu mukaonenso bwino.

Nthawi zina kufunira mzinda zabwino kumafuna kulimba mtima. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi, ndipo mmodzi mwa osainira anali Ambuye Allan Chamgwera a dayosizi ya Zomba. Inakamba za malipiro ochepa, za sukulu, za zipatala, za ufulu wolankhula, pa nthawi imene kulankhula kunkatengera munthu kundende ya Mikuyu. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya tauni ino kuivomereza. Chaka chotsatira Amalawi anavota pa riferendamu. Anthu amenewo anaona kuvutika kwa anzawo, anadziwa chimene chinali m'manja mwawo, n'kuchita. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023 ndinaonanso zomwezo mwa anthu wamba: amayi a Mvano akusonkha ufa ndi zitenje, anyamata a kabaza akunyamula katunduyo osafunsa ndalama. Palibe anadikira loto.

Chinthu chovuta kwambiri chimene ndinachita chinali ulendo wa ku Jali. Ndinakwera njinga kupita kwa azakhali anga aja, ndinawapeza akupeta mpunga pabwalo. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za mneneri, za mbewu, za chifukwa chimene ndinkawazembera pamaliro. Anakhala chete nthawi yaitali, lichero lili pamiyendo. Kenako anati, "Mwanawe, ine ndinkakupempherera tsiku ndi tsiku kuti upeze ntchito." Pobwerera anandimangira mpunga m'kathumba, ndipo anandipatsa mdzukulu wawo wa Sitandade 7 kuti azidzakhala kwathu, ndizimuthandiza masamu. Ali nafe mpaka pano, ndipo Loweruka likubwerali tiyamba mutu wa maperesenti.