Kaphirintiwa sanabere Edeni

Mtima wanga sunakhale m'malo chiyambire Lamlungu, ndiye mundilole ndilankhule.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Sitandade 7, anabwera kuchokera ku Sande Sukulu ali ndwii. Kumufunsa chavuta n'chiyani, akuti aphunzitsi amafotokoza za Adamu ndi Hava, iye n'kukweza mkono kunena kuti agogo ake anamuuza zoti anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa. Yankho la aphunzitsiwo? "Zimenezo n'zobera. Makolo athu anamva nkhani ya m'Baibulo mwapatalipatali n'kuisokoneza." Kalasi yonse kufa nacho chiseko. Mwana kufika pakhomo funso lake linali limodzi: "Amalume, ndiye kuti agogo amanama?"

Zobera? Anabera kwa yani, liti, kuti?

Ine kutchalitchi ndimapita, Baibulo ndimawerenga, ndipo sindikulimbana ndi Genesis. Ndikulimbana ndi ulesi uwu woti munthu akangoona nkhani ziwiri zafanana pang'ono, basi wagamula kale kuti ina ndi yeniyeni, inayo ndi yakuba. Ndipo mwaonapo kuti yakubayo nthawi zonse imakhala yathu? Sindinamvepo munthu akuti ena anatengera kwa ife. Zikafanana, wakuba ndi Mchewa.

Nkhaniyo monga ndinaimvera ine ili chonchi. Dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kunachita mitambo, mvula n'kugwa, ndipo Chauta anatsika nayo pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Anthuwo anatsika atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Anatera pa thanthwe la Kaphirintiwa ku mapiri a Dzalanyama, thanthwelo lidakali lofewa, mapazi awo n'kudindika pomwepo. Anakhala mwamtendere, Chauta, anthu ndi nyama, mpaka tsiku limene mwamuna ankapekesa timitengo tiwiri, moto n'kubuka. Tchire linayaka. Nyama zinathawira kutali zili ndi ukali, koma galu ndi mbuzi zinathamangira kwa munthu. Bilimankhwe anakwera mumtengo. Chauta sanathe kukwera, ndiye kangaude anamulukira ulusi, n'kukwera nawo kumwamba. Ali kumeneko analamula kuti munthu azifa ndi kumutsatira.

Inde, pali mwamuna ndi mkazi oyamba. Inde, pali mtendere umene unasokonekera, ndipo imfa inalowa. Aphunzitsi aja anaimira pomwepo n'kutseka buku. Koma akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dekhani muone. Njoka ili kuti m'nkhani yathuyi? Mtengo woletsedwa uli kuti? Chipatso? Nthiti ya mwamuna? Mulibe. Ku Edeni kunali lamulo lomveka, munthu n'kuliswa. Pa Kaphirintiwa zinthu zinaonongeka ndi luso la manja a munthu, moto womwewo umene timaphikira nsima. Ku Edeni mkazi ndiye anayamba kudya, ndipo mpaka lero amayi amatonzedwa nazo pa maguwa ena. Pa Kaphirintiwa mkazi alibe mlandu, amene anagwira timitengo ndi bambo.

Ndipo chachikulu ndi ichi, chimene chikundipweteka kuti mwanayo sanauzidwe. Mu Genesis 3 amene akuthamangitsidwa ndi munthu. Mulungu akutsala, akuika akerubi ndi lupanga lamoto kuti munthu asabwererenso. Pa Kaphirintiwa amene akuchoka ndi Chauta. Munthu akutsala m'dziko limene waliwotcha yekha, ndi galu wake, ndi mbuzi yake, nyama zina zonse zitasanduka adani ake. Ku Edeni munthu wataya malo. Pa Kaphirintiwa munthu malo ali nawo, koma wathamangitsa Mwini wake. Mukundiuza kuti ameneyu ndi munthu amene anamva ulaliki n'kuiwala theka? Woiwala amasiya zina, satembenuza nkhani yonse mwadongosolo chonchi. Awa ndi anthu amene anakhala pansi n'kuganiza, kwa mibadwo, akuyang'ana tchire likupsa chaka ndi chaka m'chilimwe, akudikira mvula yoyamba, akufunsa kuti n'chifukwa chiyani Chauta ali kutali.

Nanga nthawi yake ikugwirizana? Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902. Baibulo lathunthu m'chinenero chathu linatuluka mu 1922. Kachisi wa ku Msinja, kumene Makewana, mayi wamkulu wa chipembedzo cha makolo cha Achewa, ankatsogolera zopempha mvula pafupi ndi Kaphirintiwa pomwepo, analipo kale azungu amenewa asanaponde dziko lino. Ndiye makolowo anabera kalasi iti?

Tikati kufanana kulikonse ndi umbava, aphunzitsi aja adzavutika okha. Mu 1872 munthu wina dzina lake George Smith, akugwira ntchito ku British Museum ku London, anawerenga phale ladothi lofukulidwa ku Nineve, dera la Iraq wa lero. Paphalepo panali nkhani ya chigumula ya m'ndakatulo ya Gilgamesh. Munthu wotchedwa Utnapishtim akuchenjezedwa, akukhoma chombo, akulowetsamo banja lake ndi nyama, chombo chikuima paphiri, iye akutumiza nkhunda, namzeze ndi khwangwala kukaona ngati madzi aphwa. Sizikukukumbutsani Nowa? Zikukukumbutsani. Kodi pamenepa tiziti Nowa ndi wobera? Palibe mphunzitsi wa Sande Sukulu angavomere, ndipo akhoza kukana ndi zifukwa zomveka. Adzakuuzani kuti taonani kusiyana kwake: kwa Utnapishtim milungu ndi yambiri, ikukangana, ikuchita mantha ndi chigumula chake chomwe, kenako ikuunjikana pa nsembe ngati ntchentche. Kwa Nowa Mulungu ndi mmodzi, akulanga chifukwa cha kuipa kwa anthu, pomaliza akuchita pangano ndi kuika utawaleza. Ndikuvomereza ndi manja awiri. Kusiyanako ndi kumene kukuonetsa chimene Aisraeli ankakhulupirira. Tsono ulemu womwewo bwanji osaupereka kwa agogo a mwana uja? Nkhani ya ku Nineve ikafanana ndi Baibulo timakhala pansi n'kusanthula bwinobwino. Ya ku Dzalanyama ikafanana nalo, tikuseka.

Kapena tengani nthano ya bilimankhwe amene anatumidwa kukauza anthu kuti akafa adzauka, n'kumayenda mwachinyachinya mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wakuti akafa afa basi. Azulu ku South Africa ali nayo yomweyo. Palibe amene amaima n'kunena kuti Azulu anatibera kapena ife tinawabera. Timangoti anthu a mbali ino ya Africa ndi amodzi kuchokera kale. Liwu loti kuba limangotulukira pamene nkhani yathu yaikidwa pambali pa nkhani yolembedwa m'buku.

Mwina n'zimene masukulu akale anatisiyira, kaya. Sizikundikhudza kwenikweni kuti zinayamba bwanji. Chikundikhudza n'chakuti munthu wamkulu, Mmalawi, mu 2020 mwakutimwakuti muno, akuimabe pamaso pa ana n'kuwauza kuti makolo awo analibe nzeru zopeka funso lawolawo.

Ndipo inu ena amene mudzabwere pansipa n'kulemba kuti "zonse n'chimodzimodzi, Mulungu ndi mmodzi, nkhani ndi imodzi," nanunso mukundikwiyitsa chimodzimodzi. Si chimodzimodzi ayi. Kunena choncho n'kufafaniza Kaphirintiwa mwaulemu, komanso n'kupeputsa Genesis. Mphunzitsi wabwino akanati, "Mwana iwe, tafotokoza nkhani ya agogo akoyo timve." Kenako n'kufunsa kalasi kuti ikufanana pati ndi ya Adamu, ikusiyana pati. Ana akanatuluka akudziwa Genesis bwino kuposa mmene analowera, chifukwa akanaona chimene chili mmenemo chokha chimene kwina kulibe. Chikhulupiriro cha ndani chikanagwa pamenepo? Chikhulupiriro chimene chimaima pokhapokha mwana atanyoza agogo ake, chimenecho ine sindikuchifuna pakhomo panga.

Komanso pamene tili pakamwa pepepe kutsutsana kuti nkhani yoona ndi iti, Dzalanyama weniweniyo akutha. Imani m'mawa pa msewu uliwonse wochokera mbali imeneyo muwerenge njinga za makala zikulowa mu Lilongwe, matumba osanjikizana kuposa mutu wa wopalasa. Mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse ukumwa umachokera m'nkhalango imeneyo. Zinafika poti boma linatumizako asilikali kukalondera mitengo. Makalawo tikugula ndife tomwe, ophunzira, opemphera, kenako mipopi ikauma tikutukwana pa Facebook.