Tonse tikathamangira zozizwitsa, ntchito ya Ambuye itsala ndi yani?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, chikhristu chathu cha masiku ano chikundidetsa nkhawa, ndipo ndilankhula mosapsatira. Matchalitchi akudzaza, mapemphero ochezera usiku wonse sakutha, pa Facebook aliyense akulemba "Ameni" pansi pa chithunzi cha mneneri. Koma tafunsani abusa anu kuti mwa anthu amene anapatsidwa udindo zaka zisanu zapitazo, ndi angati akuugwirabe. Munthu mwezi uno ali kuno, mwezi wamawa wamva kuti kwabwera wina wa mafuta odzozedwa, wathamangira komweko. Pemphero lofuna ntchito kapena banja likachedwa kuyankhidwa, wasamukanso.

Yesu mwini anakumana nazo. Pa Yohane 6, atadyetsa anthu 5,000, khamu linamulondola mpaka ku Kapernao, ndipo anawauza pamaso kuti akumufuna chifukwa anadya mkate nakhuta. Atayamba kuphunzitsa zolimba, ophunzira ambiri anabwerera osayendanso naye. Ndiye anafunsa khumi ndi awiri aja ngati nawonso akufuna kuchoka. Petro sananene kuti zonse wazimvetsa ayi. Anangoti alibe kwina kopita, poti mawu a moyo wosatha ali ndi Yesu. Kwa ine kukhala wophunzira kumayambira pamenepo, pamene mkate watha koma iwe ukadalipo.

Kwathu konkuno tili ndi mbiri imene sitiikamba mokwanira. Mu 1875 amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala, Dr Robert Laws ali m'gulumo. Matenda anawasautsa koopsa. Manda a ena mwa iwo alipo mpaka lero, ndipo mmodzi mwa ogona pamenepo ndi Shadrach Ngunana, Mkhristu wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa, amene anamwalira mu 1877. Kufika mu 1881, wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe, koma Namalambe anatsala ku Cape Maclear kusamalira ntchito ya Mulungu pamalopo. Taganizani bwino. Aphunzitsi ako achoka, palibe khamu, palibe wokuombera m'manja, iwe n'kumaitanirabe anthu ku mapemphero. Tikadakhala ife a lero tikadati pamalopo palibe kudzoza, tichokepo. Komatu Sinodi ya Livingstonia, imene lero yafalikira chigawo chonse cha kumpoto, inayambira pa manda aja ndi pa munthu mmodzi uja.

Anthu a mtima ngati wa Namalambe akadalipo, kungoti sitiwajambula. Onani amayi a Mvano kapena a Chigwirizano Lachinayi masana: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku kumutu, kabeseni ka ufa ndi kasopo m'manja, akupita kwa agogo amene adwala miyezi yambiri ndipo abale awo anatopa nawo kale. Akafika amasesa, amatunga madzi, amawasambitsa, kenako n'kuimba nyimbo ndi kupemphera. Pamaliro ndi iwo amachezera pa mkeka mpaka tambala kulira. Ena mwa amayiwa ana awo ali pakhomo opanda ntchito, ena anapempherera amuna awo koma anawaika m'manda ndithu. Sanasiye. Ine ndikafuna kudziwa kuti kutumikira ndi mtima wonse n'kutani, ndimayang'ana kwa iwowa.

Sindikunena kuti munthu akakamire pamalo pamene akumudyera masuku pamutu kapena kumuphunzitsa zabodza. Pamenepo chokani, ndipo chokani msanga. Ndikunena za kuthawa chifukwa wadzudzulidwa, chifukwa sanakusankhe pa udindo, chifukwa Mulungu sanayankhe pa tsiku limene iwe unamuikira.

Ndipo kukhulupirika sikuthera pakhomo la tchalitchi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu. Nanga Cashgate ya 2013 inachitika m'dziko liti? Amene amasainira alawansi ya msonkhano umene sanapiteko, amene amakhotetsa sikelo pogula chimanga kwa mlimi wosauka, amene amabisa mankhwala a odwala, ambiri Lamulungu amakhala kutsogolo ndi Baibulo m'manja. Zimandiwawa kwambiri. Pa Luka 9:23 Ambuye anati mtanda uzisenzedwa tsiku ndi tsiku, ndiye kuti ndi Lolemba lomwe, ku ofesi ndi kumsika.

Inu abusa ndi akulu a mpingo, pempho langa ndi ili. Mukakhala pansi kukambirana za mpingo, musamangowerenga mitu ya anthu ndi ndalama za chopereka. Funsaninso kuti mwezi uno ndani wayendera odwala, ndani akuphunzitsabe ana ku Sande sukulu patapita zaka khumi, ndani anabatizidwa chaka chatha koma wasowa popanda womufunafuna. Wosowayo mutumizireni munthu sabata ino.