Zaka 150 kwa nkhalamba ya zaka 71, ine ndikuti jaji sanalakwe

Loweruka lonse takhala tikukangana ndi alamu anga pa nkhani ya Bernie Madoff, ndiye ndati ndiibweretse kuno mwina mutilanditse. Iwo akuti jaji amene anagamula nkhalamba ya zaka 71 kuti ikaseweze zaka 150 ankangofuna kutchuka. "Munthu sanaphe, mfuti sanagwire, ankangoseweretsa mapepala. Zaka 150 ndi za munthu kapena za fulu?" Anatero akusenda mtedza, osatekeseka n'komwe.

Kwa amene simukumudziwa, Madoff anali bwana wolemekezeka ku New York, mpaka anakhalapo wapampando wa msika wa masheya wa Nasdaq. Anthu ankamusungitsa ndalama kuti aziwagulira masheya, iye osagula kalikonse. Ankangoziunjika mu akaunti ku banki, wakale akafuna zake n'kumutapira pa za amene wangolowa kumene. Mu nsanjika ya 17 ya nyumba yotchedwa Lipstick Building munali kagulu ka antchito kosindikiza masitetimenti abodza, mwezi ndi mwezi, osonyeza phindu losatsika ngakhale msika utagwa chagada. Chuma chitasokonekera mu 2008 anthu ambiri anafuna ndalama zawo nthawi imodzi, nkhokwe n'kupezeka ili mbee. Anaulula kwa ana ake aamuna awiri, anawo n'kukamuneneza, ndipo pa 11 Disembala anamangidwa. Pamapepala anthu ankaona ngati ali ndi madola pafupifupi 65 biliyoni. Zenizeni zimene anaika n'kutayika zinali cha m'ma 17.5 biliyoni.

Mawu oti "sanaphe" ndi amene andiyabwa. Azakhali anga anaphunzitsa pulayimale moyo wawo wonse. Atalandira ndalama zopumira anazipereka kwa bambo wina wa suti amene ankati ndalama zimaswana mwezi uliwonse. Ofesi anali nayo, ya kapeti ndi fani, malisiti ake odinda chidindo chofiirira. Azakhali anagula kope lachikuto cholimba, n'kulemba mizere ndi rula ngati rejisitala ya kalasi: tsiku, zoika, phindu. Miyezi itatu yoyamba analandiradi, ndiye anakopa anzawo awiri a kumvano. Mwezi wachisanu anapeza loko pakhomo. Chimene chinawadya kwambiri si ndalama ayi, ndi anzawo aja. Anasiya kupita kumvano, anasiya kukhala pakhonde, BP inakwera osatsikanso. Pachikalata cha kuchipatala palibe dzina la bambo wa suti uja, koma ife apabanja tikudziwa pamene matenda anayambira.

Kwa Madoff zinalinso choncho. René-Thierry Magon de la Villehuchet, mkulu wa ku France amene anaikako ndalama zake ndi za makasitomala ake zoposa biliyoni imodzi, anadzipha mu ofesi mwake Khirisimasi ya 2008 isanakwane. Bungwe lachifundo la Elie Wiesel, munthu amene anapulumuka ku Auschwitz, msasa umene a Nazi ankapherako Ayuda, linataya madola 15 miliyoni. Mwana wa Madoff yemwe, Mark, anadzimangirira pa 11 Disembala 2010, zaka ziwiri ndendende bambo ake atamangidwa. Ndiye wina aziti ankangoseweretsa mapepala?

Loya wa Madoff anapempha zaka 12. Jaji Denny Chin pa 29 Juni 2009 anapereka 150, zonse zimene lamulo linkalola pa milandu 11 imene Madoff anavomera. Jajiyo sanabise kuti nambalayo ndi chizindikiro, ndipo ananenanso kuti palibe mnzake kapena m'bale ngakhale mmodzi amene analemba kalata yomupepesera. Tsono taonani masamu ake. Madoff anamwalira m'chipatala cha ndende ku Butner, North Carolina, pa 14 Epulo 2021, ali ndi zaka 82. Anakhala m'ndende zaka 12, zomwe zija loya anapempha. Alamu anga pamenepa anawomba m'manja, akuti waona, panalibe kusiyana. Kusiyana kunalipo. Wa zaka 12 amagona akuwerenga masiku, amadziwa kuti geti lidzatseguka, akadya kunyumba. Uyu mu 2020 impso zitafooka anapempha kuti akafere kwawo, Chin yemweyo anakana. Sindinama, pamenepo mtima wanga unagwedezekako pang'ono, nkhalamba yodwala ndi yodwala basi. Koma ndikaganiza za anthu amene anagulitsa nyumba zawo n'kubwerera kukasaka ganyu ali ndi imvi, chisoni changa chimathera panjira.

Pamene ndikugwirizana ndi alamu ndi pena, ngakhale iwo sanafikepo. Nambala yaikuluyo inakhala ngati chinsalu chobisira ena. Harry Markopolos, katswiri wa masamu a zachuma wa ku Boston, anayamba kuchenjeza bungwe loyang'anira misika la SEC mu 2000, mu 2005 n'kulemba chikalata chachitali chofotokoza kuti phindu la Madoff silingatheke. A SEC anabwera kwa Madoff, anafunsa mafunso, anapita. Palibe wa ku SEC amene analowa m'ndende. Banki ya JPMorgan Chase, kumene kunali akaunti ija kwa zaka zambirimbiri, inalipira boma madola 1.7 biliyoni mu 2014 chifukwa chosanena zimene inkakayikira, koma mabwana ake onse anagona kunyumba. Mng'ono wa Madoff, Peter, anapatsidwa zaka 10, antchito ena asanu zochepa mpaka kulekeza 10. Fisi mmodzi anakodwa, anthu n'kuvina, oiwala kufunsa kuti khola analisiya potsegula ndani.

Ndipo wobedwa mukamufunsa, zaka za ndende sadya. Chimene chinapukutako misozi ndi ntchito ya Irving Picard, loya amene khoti linamupatsa udindo wolondola ndalamazo. Anasumira ambiri amene anatapa zoposa zimene anaika, ndipo wabweza zoposa madola 14 biliyoni. Mkazi wamasiye wa Jeffry Picower, mmodzi wa otapa aja, anavomera mu 2010 kubweza yekha 7.2 biliyoni. Izi zandichititsa nsanje kuposa zaka 150 zija.

Chifukwa kope la azakhali lija ndili nalo ine. Mzere womaliza analemba tsiku ndi ndalama zoika, danga la phindu lili lopanda kanthu. Mlandu wa bambo wa suti unaimitsidwa kangapo mpaka tinatopa ndi thiransipoti yopitira kukhoti. Mwezi watha ndinamuona pamaliro ena atakhala pampando wakutsogolo, pansi pa tenti, akumupatsa moni ndi manja awiri.